Dziko Lonse Likatsika Panjinga

Kwathu kuno maliro sabisika. Munthu akatisiya usiku, pomacha anyamata amakhala atathyola kale masamba n'kuwayala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa mudzi. Wapanjinga akafika pamasambapo amatsika, nayenda chokankha. Wachipewa amavula. Woyendetsa minibasi, ngakhale uja wa wailesi yogonthetsa m'khutu, amatsitsa nyimbo n'kudutsa pang'onopang'ono. Palibe amene amafunsa kuti wamwalirayo ankapemphera mpingo uti, kaya ankavotera chipani chanji. Masamba anena kale kuti pano pagwa zovuta, ndipo wodutsa aliyense ali ndi gawo lake, ngakhale litakhala longotsika panjinga.

Wandichititsa kulingalira za masambawa ndi mnyamata wina wa m'mudzi muno, mdzukulu wa mayi amene tidayandikana nyumba. Adapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, monga adachitira anzake ambiri kuyambira mu Novembala 2023, pamene ndege idanyamula achinyamata 221 a kuno nkhondo ili mkati kumeneko. Chichokereni iye, agogo ake sadutsidwa ndi nkhani za pawailesi, ndipo ine ndasanduka wowamasulira. Dziko limene tinkangolidziwa m'Baibulo ndi m'nyimbo za kwaya lasanduka dziko la mabasi, la minda ya tomato, la amayi okhala ndi ana ku usilikali. Lasandukanso dziko la maliro, ndipo za maliro akewo ndi zimene ndikufuna ticheze.

Ku Israel kuli tsiku limene amalitcha Yom HaZikaron, lokumbukira asilikali amene adafa pankhondo pamodzi ndi anthu wamba ophedwa ndi zigawenga. Limagwa mu Epulo kapena mu Meyi, malinga ndi kalendala ya Chiyuda. Madzulo olowera tsikulo, 8 koloko ikakwana, malipenga a chenjezo amalira mphindi imodzi m'dziko lonse. Ndi malipenga omwe aja amalira mizinga ikamabwera, koma tsiku limeneli kulira kwake kumakhala kosalala, kosakwera ndi kutsika, kuti anthu asathamangire kokabisala. Kukacha, 11 koloko, amaliranso mphindi ziwiri. Galimoto zimaima pakati pa msewu waukulu, oyendetsa n'kutuluka, n'kuimirira pafupi ndi chitseko mitu ili pansi. Wamumsika amasiya chenji chili m'manja. Malo achisangalalo amakhala otseka, ndipo pakanema mayina a akufa amadutsa limodzilimodzi, usiku ndi usana. Dziko lonse latsika panjinga.

Akati awerenge, amayambira kutali, m'chaka cha 1860, pamene Ayuda adayamba kumanga nyumba kunja kwa linga la mzinda wakale wa Jerusalem. Kuchokera pamenepo, mayina a asilikali, apolisi ndi ena achitetezo apyola 25,000. M'kaundulamo muli ogwa pankhondo, muli ofera pangozi ali pantchito, muli amene adabwerako ndi mabala n'kudzamwalira patapita zaka. Anthu wamba ophedwa ndi zigawenga ali ndi kaundula wawo, ndipo apyola 5,000. Wina akhoza kunena kuti, “Agogo, amenewo ndi ochepa, nanga a ku Congo, nanga a ku Mozambique amene abale awo tidawapatsa malo m'midzi mwathu muno?” Sakunama. Koma ine ndakhala pa siwa kambirimbiri, ndipo sindidamvepo mayi akulira chiwerengero. Amalira dzina, amalira kayendedwe ka mwana wake, amalira malaya amene atsala pachingwe. M'dziko laling'ono la anthu pafupifupi 10 miliyoni, manambala amenewa akutanthauza kuti n'kovuta kupeza munthu wopanda manda oti akaimepo.

Nkhondo ya 1948, ya kubadwa kwa dzikolo, idadya anthu pafupifupi 6,000 mwa Ayuda pafupifupi 650,000 amene adali kumeneko. Ndiye kuti munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Ena mwa iwo adali atangotsika m'sitima kuchokera ku Ulaya, atapulumuka m'misasa ya Hitler momwe mudathera makolo awo, abale awo, mtundu wawo wonse. Paphiri la Mount Herzl ku Jerusalem pali chikumbutso cha anthu otere, amene adali otsala okha m'banja mwawo n'kudzafera pankhondo. Mlimi akumva zimene ndikunena. Nkhokwe yapsa, wapulumutsa ngala imodzi yokha ya mbewu, waipachika pamwamba pa moto kudikira dzinja, ndiye khoswe n'kudzadya yomweyo. Palibenso amene adzatchule dzina la agogo awo. N'chifukwa chake boma limawalirira, poti wolira wapachibale adatha.

Pankhondo ya 1967 adapambana m'masiku asanu ndi limodzi, komabe adaika m'manda asilikali pafupifupi 800. Kupambanako kudawalowetsa tulo. Pa 6 Okutobala 1973, tsiku la Yom Kippur limene Ayuda amasala kudya, Egypt ndi Syria adawadzidzimutsa, ndipo m'masabata osakwana atatu asilikali oposa 2,500 adafa. Zizindikiro zidalipo, ochenjeza adalipo, koma akuluakulu adali atagamula kale m'mitima mwawo kuti adani sangayerekeze. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Mkwiyo wa anamfedwa ndi wa asilikali obwerera kunkhondo udakula mpaka nduna yaikulu Golda Meir adatula pansi udindo mu 1974. Musunge tsikulo, 6 Okutobala, tikumana nalonso.

Mawu akuti “msilikali” amatinamiza. Tikawamva timaona chimunthu cha ndevu, chouma mtima, chimene chidasankha chokha ntchito ya mfuti. Ku Israel ana ambiri akakwanitsa zaka 18 amaitanidwa ku usilikali mwalamulo, mnyamata zaka pafupifupi zitatu, mtsikana ziwiri. Akamaliza amakakhala mphunzitsi, mlimi, dalaivala, koma nkhondo ikabuka amaitanidwanso. Choncho pamiyala ya manda a asilikali zaka zimene zimabwerezedwa ndi 19, 20, 21, msinkhu wa ana athu a Fomu 4 ndi ongolowa kumene kukoleji. Makolo athu adati nkhuyu zodya ana zidapota akulu. Pankhondo mwambiwu umayenda chammbuyo: nkhuyu amadya ndi akulu m'nyumba zokambirana, m'mimba n'kupota ana. Mu Febuluwale 1997 mahelikopita awiri onyamula asilikali kupita ku Lebanon adawombana m'mwamba kumpoto kwa dzikolo, ndipo 73 adafa usiku umodzi mdani asadaombe ndi chipolopolo chimodzi chomwe. Ngoziyo idadzutsa amayi ena anayi amene ana awo adali ku Lebanon, nayamba kufunsa poyera chimene ana awo akuferako. Mawu awo adafalikira, ndipo mu 2000 asilikali adatulukamo m'dzikolo.

Tsopano ndifike pachimene chimandigwira mtima koposa, ndicho kugogoda pakhomo.

Ndili mnyamata ndidatumidwapo uthenga wa maliro. Mnzathu adamira pamtsinje, ndipo akulu adandipatsa njinga kuti ndikauze mayi ake, amene adali kumudzi wina. Adandilangiza kuti, “Usakanene kuti wapita. Ukanene kuti matenda akula, afulumire.” Ndidawapeza kudimba akuthirira mpiru. Atangondiona ndikutsika panjinga, thukuta lili kamukamu, adaika ndowa pansi pang'onopang'ono, osataya ndi dontho lomwe. Ndidayamba kunena zimene adandiphunzitsa zija, koma iwo adakweza dzanja nati, “Mwanawe, khala chete kaye.” Adaima choncho kanthawi, akuyang'ana mpiru wawo. Ndidadzazindikira nditakula kuti ankatalikitsa nthawi imene mwana wawo adali akadali moyo, poti uthenga udali usadatuluke pakamwa panga.

Ku Israel ntchito imene ndidagwira tsiku limenelo ili ndi eni ake. Msilikali akafa, asilikali ophunzitsidwa za uthenga wotere amapita kunyumba kwa makolo atavala yunifomu. Sapita mmodzi, ndipo kawirikawiri amatenga wachipatala. Saimba foni, amagogoda. Dzina la wakufa silitchulidwa pawailesi banja lisadauzidwe, ndipo likamatchulidwa amayamba ndi mawu awiri amene aliyense kumeneko amawaopa, hutar lefirsum, kutanthauza kuti tsopano zaloledwa kulengezedwa. Choncho nkhondo ikamachitika, mayi amene mwana wake ali kutsogolo amamvetsera galimoto iliyonse yoima panja, phazi lililonse lokwera masitepe. Mnansi wanzeru sagogoda usiku. Amayamba waimba foni. Chakudza sichiimba ng'oma, adatero akale, koma amayi awa amakhala akudikira ng'omayo miyezi ndi miyezi.

Mlembi wina wotchuka wa kumeneko, David Grossman, adalemba buku la mayi amene mwana wake wabwerera kunkhondo, iye n'kuthawa panyumba, kumangoyenda m'mapiri a ku Galilee, poganiza kuti ngati onyamula uthenga sampeza ndiye kuti mwanayo safa. M'Chihebri mutu wa bukulo umanena za mkazi wothawa uthenga. Nditamva za nkhaniyi ndidakumbuka mayi a kudimba aja. Grossman adali atalemba kale mbali yaikulu ya bukulo pamene nkhondo ya ku Lebanon ya 2006 idabuka. Iye ndi alembi anzake awiri, Amos Oz ndi A. B. Yehoshua, adaima poyera kupempha boma kuti liimitse nkhondoyo. Patangopita masiku awiri, mwana wake Uri, wa zaka 20, adafera m'kasinja, kutatsala masiku awiri kuti mfuti zileke kulira. Onyamula uthenga adagogoda pakhomo la munthu amene adatha zaka akulemba za kugogodako. Bukulo lidatuluka mu 2008.

Anthu wamba alibe ngakhale ulemu wa kugogodaku. Iwo amamva pawailesi kuti bomba laphulika pabasi nambala yakutiyakuti, n'kuyamba kuimba foni imene siyankhidwa. Mu Meyi 1974 ku Ma'alot, ana asukulu amene adali paulendo adagona m'sukulu ina. Zigawenga zitatu zochokera ku Lebanon zidawagwira, ndipo ana 22 adafa. Pakati pa 2000 ndi 2005, nthawi ya kuukira kwachiwiri kwa Apalestina, anthu a ku Israel pafupifupi 1,000 adaphedwa, ambiri a iwo anthu wamba, ndipo Apalestina ophedwa adaposa 3,000. Adali masiku amene pakhomo pa lesitilanti iliyonse padaima mlonda wosecha zikwama. Mu Malichi 2002 ku Netanya, anthu atakhala patebulo la Pasika mu Park Hotel, munthu adalowa n'kudziphulitsa. Adafa 30, ambiri okalamba, ena opulumuka ku Hitler komwe kuja.

Koma nkhani imene ndimaibwereza m'mutu ndi ya lesitilanti ya Maxim ku Haifa, mu Okutobala 2003. Eni ake adali Ayuda ndi Aarabu achikhristu, ogwirizana pamalonda kwa zaka zambiri, ndipo odyamo adali osakanikirana chimodzimodzi. Munthu atadziphulitsa mmenemo, adafa 21, Ayuda ndi Aarabu, mabanja ena kuyambira agogo mpaka adzukulu patebulo limodzi. Wodziphulitsayo adali mtsikana wa ku Jenin wophunzira zamalamulo, amene mlongo wake adali ataphedwa ndi asilikali a Israel miyezi ingapo m'mbuyomo. Sindikumuchotsera mlandu, wopha khanda lili pambale ya chakudya ndi wakupha basi, ndipo chisoni chake sichimuyeretsa. Ndikungoonetsa mmene moto umayendera. Umapita kumene kwatsala tchire, ndipo sufunsa kuti tchirelo ndi la yani.

Pamalo otere, ambulansi zikachoka, pamafika anthu ena ovala zachikasu, a bungwe la ZAKA, ambiri a iwo Ayuda opemphera kwambiri, ogwira ntchito mongodzipereka. Chikhulupiriro chawo chimafuna kuti munthu aikidwe yense, choncho amatola kachidutswa kalikonse, amapukuta ndi magazi omwe, kuti zonse zikalowe m'manda. Ndiwo adzukulu a kumeneko. Amene adaonapo adzukulu athu akusambitsa mtembo umene abale akulephera kuuyang'ana, adziwa ulemu umene anthu awa akuyenera, ndi katundu amene amapita naye kunyumba usiku.

Ndidati musunge 6 Okutobala. Patatha zaka 50 ndi tsiku limodzi, pa 7 Okutobala 2023, m'mawa wa Sabata ndi wa chikondwerero, gulu la Hamas lidaboola mpanda wa Gaza. Tsiku limenelo adafa anthu pafupifupi 1,200, ambiri a iwo anthu wamba, ndipo 251 adatengedwa kupita ku Gaza ngati chikole. Ayuda adali asadaphedwepo ochuluka chotero tsiku limodzi chithere nthawi ya Hitler. Pachisangalalo cha nyimbo cha Nova, pafupi ndi Re'im, achinyamata oposa 360 adaphedwa akuthawa m'minda. Ku Be'eri, umodzi mwa midzi yolima pamodzi imene amati kibbutz, adafa anthu pafupifupi 100, mmodzi pa khumi alionse a m'mudzimo. Nyumba za kumeneko zili ndi chipinda cholimba chobisalamo mizinga, koma zitseko zambiri sizidapangidwe kuti zizikhomeka mkati, poti mzinga sutembenuza chogwirira. Choncho abambo ndi amayi adagwira zogwirira za zitseko ndi manja, ena maola ambiri, ana ali pansi pa bedi, kunja anthu akukoka ndi kuombera pachitseko pomwepo.

Ochenjeza adaliponso. Pamsasa wa asilikali wa Nahal Oz padali atsikana amene ntchito yawo idali kuyang'anitsitsa makanema oonetsa mpanda, usana ndi usiku. Kwa miyezi adakhala akunena kuti akuona zachilendo, kuti anthu kutsidyako akuyeserera kuukira. Mawu awo sadalemere kwa akuluakulu. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma wotsina khutu akakhala mtsikana wa zaka 19, akulu ambiri, kuno ndi konse, amangogwedeza mutu. Tsikulo 15 mwa atsikanawo adaphedwa, 7 adatengedwa.

Tsoka silinunkha, ndipo silisankha. Ku Be'eri kudafera mayi Vivian Silver, a zaka 74, amene moyo wawo wonse adaupereka kufunafuna mtendere ndi Apalestina, ndipo ankanyamula odwala a ku Gaza pagalimoto yawo kupita nawo kuzipatala za ku Israel. Nyumba yawo idatenthedwa kotero kuti padapita masabata asanu asadazindikiridwe. Adafa Aarabu achibeduini, Asilamu, ena akuyesa kupulumutsa anzawo. Adafa antchito a m'minda ochokera ku Thailand makumi angapo, ophunzira zaulimi khumi a ku Nepal pa kibbutz ya Alumim, ndi anyamata awiri a ku Tanzania kuno, amene adali atangofika kumene kudzaphunzira ulimi. Pamene antchito ambiri akunja adathawa, mpamene padatseguka malo amene ana athu adakalowamo. Agogo a mnyamata uja atamva za anyamata a ku Tanzania sadadye nsima tsiku limenelo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Asilikali ena mazanamazana adafera ku Gaza ndi ku Lebanon. Mu Disembala 2023 anyamata atatu ogwidwa chikole adathawa, natulukira atavula malaya, atanyamula kansalu koyera pandodo, ndipo asilikali a kwawo komwe adawaombera powayesa adani. Mu Julayi 2024 mzinga udagwera pabwalo la mpira ku Majdal Shams, kumapiri a Golan, n'kupha ana 12 a mtundu wa Druze ali pamasewera.

Pali chinthu china chimene ife Achewa sitingachidabwe: anthu awa sapuma mtembo usadafike kumudzi. Ife timasonkha ndalama kuti m'bale wofera ku Joni abwere adzagone pafupi ndi makolo ake, ngakhale titsale ndi ngongole. Iwonso amalipira, ndipo mtengo wake umawawa. Msilikali Gilad Shalit adagwidwa mu 2006, nakhala zaka zisanu ku Gaza. Kuti abwere wamoyo mu 2011, Israel idamasula akaidi 1,027. Anthu ambiri adavina. Koma mabanja ena adaona opha ana awo akutuluka m'ndende akumwetulira, ndipo mmodzi mwa omasulidwawo adali Yahya Sinwar, amene adadzakonza za 7 Okutobala. Walira mvula walira matope. Kodi ndiye akadamusiya mwanayo? Funsoli ndalitembenuza usiku wambiri, ndipo ndikadziika m'malo mwa bambo ake ndimayankha mwina, ndikadziika m'malo mwa kholo la ku Be'eri ndimayankhanso mwina. Makolo a msilikali Hadar Goldin, amene adaphedwa ku Rafah mu 2014, adadikira zaka 11 kuti alandire mafupa a mwana wawo mu Novembala 2025. Zaka 11 masamba ali pamsewu.

Mtembo ukaikidwa, anamfedwa amang'amba chovala pachifuwa, nakhala masiku asanu ndi awiri pamipando yaifupi, akalirole ataphimbidwa, anansi akubwera ndi chakudya. Amati shiva. Wopita kumanda amasiya kamwala pamwamba pa chiliza. Manda a asilikali ndi ofanana onse, a mkulu ndi a wamng'ono. Mu 2017 adatsegula nyumba yachikumbutso pa Mount Herzl, momwe wakufa aliyense ali ndi njerwa yakeyake, yolembedwa dzina ndi tsiku limene adafa, ndipo tsikulo likafika chaka ndi chaka nyali imayaka pambali pa njerwayo. Mabanja onsewa amawatcha ndi dzina limodzi, banja la ofedwa, mtundu umene palibe amene amapempha kulowamo. Anthu wamba ophedwa ndi zigawenga adachita kudikira kuti alowetsedwe mokwanira m'tsiku lachikumbutsoli, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo padali kukangana, ena akuti wofa atanyamula mfuti poteteza dziko asafanizidwe ndi wofa ali pabasi. Ngakhale pa siwa anthu amakanganirana malo okhala.

Tsopano ndinene chimene chikhoza kukwiyitsa ena. Lipenga lija likalira, si onse amaima. Ayuda ena opemphera kwambiri salitsata, ndipo kwa Aarabu ambiri nyengo yomweyo imawakumbutsa 1948 yawo, imene amaitcha Nakba, pamene Apalestina pafupifupi 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo. Kuseri kwa mpanda kulinso maliro, ndipo ndi ochuluka koposa. Pofika pakati pa 2025, unduna wa zaumoyo wa ku Gaza udali utawerenga anthu oposa 60,000 ophedwa pankhondoyi, ambirimbiri mwa iwo amayi ndi ana, ena osaikidwa n'komwe, ali pansi pa nyumba zogumuka. Kumeneko kulibe wogogoda pakhomo, poti khomolo palibe. Ndikudziwa kuti chili kwa mnzako umati chigwire nyanga, ndipo ine wokhala pakhonde langa lamtendere sindingaphunzitse mayi wa ku Be'eri kapena wa ku Khan Younis kaliridwe. Koma ndimakhumudwa ndikamva anthu kuno, ena m'matchalitchi, ena m'mizikiti, ena pa Facebook, akusankha maliro oti alire ngati akusankha timu ya mpira. Wina akatchula ana a ku Nova, mnzake amuyankha ndi ana a ku Gaza, ngati kuti mtembo wina umafafaniza unzake. Pamasamba a pamsewu sititero.

Makolo adati maliro n'kulirana, ndipo alipo kumeneko amene adautenga mwambiwu mpaka pamapeto pake osaudziwa. Mu 1994 a Hamas adapha msilikali wachinyamata, Arik Frankenthal. Chaka chotsatira bambo ake, Yitzhak Frankenthal, Myuda wopemphera, adayambitsa bungwe la Parents Circle, limene lero lili ndi mabanja mazanamazana a mbali zonse ziwiri, lililonse lotaya m'bale. M'bungwemo muli Rami Elhanan, amene mwana wake wamkazi Smadar adaphedwa ndi odziphulitsa mumsewu wa Ben Yehuda ku Jerusalem mu 1997, ndi Bassam Aramin, Mpalestina amene adakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri m'ndende ya Israel, ndipo mwana wake Abir, wa zaka 10, adaomberedwa ndi wapolisi wa m'malire wa Israel pafupi ndi sukulu yake mu 2007. Abambo awiriwa amatchulana m'bale, ndipo ayenda limodzi m'masukulu ndi m'mayiko ambiri, aliyense akusimba za mwana wake mnzake atakhala pambali. Kuyambira 2006, madzulo omwe aja a lipenga, pamachitika mwambo wokumbukira akufa a mbali zonse pamodzi. Amatukwanidwa, amatchedwa ogulitsa mtundu, ndipo kangapo boma lidakaniza Apalestina zilolezo zobwera kumwambowo mpaka khoti lalikulu lidalowererapo. Ndi ochepa, ndipo chichitikireni za 7 Okutobala ntchito yawo yalemera kuposa kale. Sindinganene kuti namfedwa amene sangathe kuchita zimenezi ndi woipa. Bala lili ndi mwini wake. Koma ndikamva kuti nkhondo simanga mudzi, nkhope zimene ndimaziona ndi za abambo awiriwa, poti iwo mwambiwu adaugula ndi ana awo.

Tsiku lachikumbutso likamatha, dzuwa likangolowa, pa Mount Herzl pomwepo mbendera imene idali pakati pa mtengo imakwezedwa pamwamba, miyuni 12 imayatsidwa, ndipo chikondwerero cha ufulu wa dzikolo chimayamba nthawi yomweyo. Adachita dala kugundanitsa masiku awiriwa, kuti wovina akumbukire amene adalipira. Mabanja ena ofedwa akhala akudandaula kuti kusinthaku n'kwadzidzidzi, kuti munthu sangachoke pamanda masana n'kukaotcha nyama usiku. Mizinda ina idasiya kuphulitsa makombola achisangalalo chifukwa cha asilikali akale amene phokoso lotere limawabwezera kunkhondo, amene sali m'kaundula wa akufa koma tulo adatisiya komweko.

Mnyamata wathu uja adaimba foni tsiku lotere litangodutsa. Agogo ake adandiitana kuti ndidzawagwirire foniyo, poti manja awo amanjenjemera. Adasimba kuti lipenga lidawapeza ali m'munda wa m'mapepala, akuthyola tsabola, iye ndi anzake a ku Thailand. Poyamba adafuna kuthamangira kobisala, koma adaona mwini munda, bambo wachikulire wosakonda kuyankhula, atazimitsa thirakitala, watsika, waima chilili pakati pa mizere. Nawonso adaika mabokosi pansi. Adati mphindi ziwirizo zidatalika ngati ola, ndipo litaleka lipengalo bamboyo adapukuta kumaso ndi chipewa, nakweranso thirakitala osanena kanthu.

Agogowo adakhala chete, kenaka adasendeza pakamwa pafupi ndi foni.

“Nanga iwe, chipewa udavula?”

“Ndidavula, agogo.”